Achimwene sali pa nambala 62 ija

Chaka chilichonse May akafika pamakhala wina amene amaponya pa Facebook za chipolowe cholimbana ndi alendo cha 2008 ku Joni, ndipo nambala imakhala yomweyomweyo, anthu 62 anaphedwa. Ine ndikaiona nambala imeneyo m'mimba mumandipota, chifukwa achimwene anga anamwalira masiku omwewo, chifukwa cha chipolowe chomwecho, koma pa 62 paja iwo palibepo. Sanabayidwe, sanawotchedwe. Anafa ndi mphumu pa simenti ya mu holo momwe tinathawira, ali ndi zaka 14, ka inhela kawo kopopera mankhwala m'kamwa katatsala mu mkuku, kanyumba kathu ka malata, womwe anthu anali atauyatsa kale. Ine ndinali ndi zaka 9.

Za xenophobia sindifotokoza, amene muli kuno ku Joni mukuzidziwa kuposa ine, amene muli kumudzi munaona mabasi akutsitsa anthu opanda ndi jumbo lomwe. Ine ndikufuna ndinene za mwana amene amatsala, amene amakhala pompo akuona zonse koma aliyense nkumati ndi mwana uyu sakudziwa kanthu.

## Lamulo la amayi

Tinkakhala m'mikuku ya kufupi ndi Primrose, mbali ya Germiston. Adadi ankagwira ya ugadi usiku, masana nkumapanga maganyu m'magadeni, amayi ankachapa ndi kusita kwa azungu. Agogo aamuna anagwirako kumigodi nthawi ya Wenela, nde kwathu Joni sinali nkhani yachilendo ayi. Ine ndinabwera ndili kumbuyo kwa amayi, moti Chizulu ndinkachilankhula osadziwika kuti ndine mlendo, komanso ndine wofiirira, ndinatengera kuchikazi. Achimwene anabwera mochedwa, anayamba akhala ndi agogo ku Ntcheu mpaka sitandade 4, nde Chizulu chawo chinali chokhota, komanso anali akuda bii, khungu la adadi. Kunoko zimenezo si nkhani yaing'ono. Munthu ukakhala wakuda kwambiri umaimitsidwa pamsewu kufunsidwa mapepala ngakhale uli mwini dziko, ndipo musaiwale kuti pa anthu 62 aja, 21 anali a konkuno.

Zitayamba ku Alexandra pa 11 May amayi anatikhazika pansi tonse awiri. Anati kuyambira lero panja palibe kulankhula Chichewa, ndipo analoza achimwene nkuti iwe uzikhala chete, kushopu azilankhula ndi mlongo wakoyu. Kunkamveka kuti anyamata akumaimitsa anthu nkuwafunsa kuti chigongono amati chani m'Chizulu, ukakakamira basi watha. Achimwene ankayeserera mawu amenewo usiku tili m'bulangete, ine nkumawaseka kuti akulakwitsabe.

Lachisanu madzulo ananditumiza ku mpopi. Mzere unali wautali, nditatunga chigubu chinandikanika kunyamula, nde ndinaona achimwene akudutsa chapatali akuchokera kusukulu, ndinangokuwa momwe ndinkachitira masiku onse, “Achimwene! Tabwerani mudzandisenzetse!” Mawu atatuluka ndi pomwe ndinakumbukira. Anthu angapo anatembenuka, ndipo panali bambo wina wa chipewa chofiira amene anandiyang'ana nthawi yaitali, kapena ine ndi amene ndinaona ngati nthawi yaitali kaya. Achimwene anabwera osayankha kanthu, ananyamula chigubu okha. Tili panjira anangoti chapansipansi, “Usawauze amayi.”

Usiku wa mawa lakelo anthu aja anabwera.

## Mu holo

Za usiku umenewo ndimakumbukira phokoso kwambiri, malikhweru, zitsulo zikumenyedwa pa malata, anthu akuimba. Mayi wina wa konkuno amene tinayandikana naye anagogoda kuseri nkuti thawani pompano, musatenge chilichonse. Adadi anali kuntchito. Amayi anatola chikwama cha mapasipoti ndi bulangete limodzi, tinadutsa m'timipata ta pakati pa mikuku mpaka kukatulukira kumsewu waukulu. Tinayamba tagona panja pa polisi, kenako anatitengera ku holo ina ya boma komwe adadi anatipeza.

Amene munakhalapo ku Gauteng mwezi wa May mukudziwa kuzizira kwake, kumalowa mpaka m'mafupa. Mu holo munali a ku Mozambique, a ku Zimbabwe, ife, a ku Congo, aliyense pa kakatoni kake. Panja azibambo ankawotha chilichonse chomwe apeza, makatoni, mapulasitiki, matabwa a penti, utsi onse nkumalowa mkati. Kwa munthu wa mphumu palibe choipa kuposa kuzizira kuphatikiza utsi umenewo. Panali nyuzipepala imene akuluakulu ankapatsirana, akaona mwana akubwera nkuipinda msanga, inali ndi chithunzi cha Ernesto Nhamuave, bambo wa ku Mozambique amene anamuwotcha wamoyo ku Ramaphosa pa 18 May, osati kutali ndi komwe tinali. Ankati akutibisira koma tonse ana tinachiona.

Usiku wina chifuwa cha achimwene chinayamba kulira. Ine ndinkachidziwa kulira kumeneko, kunyumba amangopopa kawiri nkukhala pansi pang'ono basi zatha. Amayi anawakhazika tsonga, akuwasisita kumsana, mayi wina wa ku Zimbabwe anathamanga kukafuna madzi otentha, wina akuyenda kufunsa m'makatoni ngati pali amene ali ndi inhela. Ambulasi inaitanidwa koma usiku umenewo kunali kuthamangathamanga paliponse, inachedwa. Achimwene anandigwira pa mkono apa, mwamphamvu, mapewa akukwera ndi kutsika, milomo itasintha mtundu. Kenako ndinangomva wina akuti chotsani mwanayo apa, nde anandisomphola dzanja lija, mayi wina amene sindikumudziwa mpaka lero anandinyamula kupita nane kuseri kwa holo nkundifunditsa chitenje kumutu.

M'mawa pamalo pathu panali bulangete lokha. Wamkulu aliyense amene ndinamufunsa anati apita kuchipatala, abwera. Amene anandiuza zoona ndi mwana mnzanga wa ku Mozambique, tili pamzere wa buledi, anangonena m'Chizulu kuti mchimwene wako wafa, ndinaona akumufunditsa kumaso.

## Maliro opanda nyimbo

Kwathu munthu akamwalira mudzi onse umadziwa chochita. Masamba pamsewu, amuna pamoto panja, azimayi m'nyumba nyimbo mpaka mbandakucha, adzukulu kumanda, amfumu kuyankhula. Mu holo munalibe chilichonse cha zimenezo. Amayi akayamba kulira mokweza azimayi anzawo ankawakumbatira nkumawatonthoza kuti mayi chonde, anthu ali kale ndi mantha, ana adzuka. Chipani cha maliro chomwe adadi ankasonkha mwezi ndi mwezi chinali chitabalalika, aliyense wathawira kwake, nde zotumiza thupi kumudzi sizinatheke nkomwe. Anaikidwa kumanda a boma konkuno, kunapita adadi, amayi, abusa ndi azibambo ochepa. Ine anandisiya ndi mayi wa ku Zimbabwe uja. Ana sapita kumanda.

Sindikuwaimba mlandu makolo anga, chonde mumve bwino apa. Anthu amene ataya nyumba, ntchito, mwana, m'masiku omwewo, asilikali ali m'misewu chifukwa apolisi zawakulira, sangakhale ndi mtima wokhala pansi nkufunsa kamtsikana kuti kodi iwe ukuganiza chani. Koma chifukwa panalibe wondifunsa, ine ndinawerengera ndekha. Lachisanu ndinakuwa Chichewa pa mpopi. Bambo wa chipewa chofiira anamva. Loweruka anabwera kudzayatsa. Inhela inapsa. Achimwene anafa. Kwa mwana wa zaka 9 samu imeneyo inalibe pokayikitsa, ndipo pamwamba pake panali mawu aja akuti usawauze amayi, omwe kwa ine anasanduka ngati malangizo omaliza a munthu wakufa. Ndinawasunga.

Ndipo ichi ndi chimene chimasiyanitsa imfa yotere ndi imfa ya malungo kapena ngozi ya pamsewu. Mwana amakhala atauzidwa kale kuti pali china chake pa iwe, chilankhulo chako, khungu lako, chomwe chikaonekera tifa. Nde imfa ikabweradi, mwanayo sayang'ana kwa amene anabwera ndi machesi, amayang'ana pomwe iyeyo analephera kubisa.

## Kumudzi

Ine ndi amayi tinakwera basi, Beitbridge, Tete, kudzalowera pa Mwanza. Adadi anatsala chifukwa wina ankayenera kumatumiza ndalama. Kumudzi tinapeza anthu atasonkhana, analira maliro opanda bokosi, ndipo ife ana anatiuza kuti pitani mukasewere uko. Panalibe ndi zovala zomwe zoti achibale agawane, zonse zinapsa, chinatsala ndi chithunzi chimodzi kwa agogo achimwene ali sitandade 3 atavala yunifomu yaikulu.

Azakhali anandiitanira pambali nkuti iwe tsopano ndiwe wamkulu, usamawalilitse amayi ako. Ananena mwachikondi, ndikudziwa, koma ine ndinamva kuti dzina la achimwene lisatuluke pakamwa panga. Ndipo silinatuluke. Ndinangosiya kulankhula, chabwino ndinkayankha ee ndi ayi koma basi. Kumudzi kuja kunalibe choopa, aliyense ankalankhula Chichewa, koma ndikati nditsegule pakamwa kukhosi kunkatseka. Aphunzitsi anaganiza kuti Chichewa sindichidziwa, anzanga nkumanditcha wa ku Joni. Ndinayambanso kukodza pamphasa ndili mtsikana wamkulu kale, agogo ananditengera kumapemphero, ena anati mwina mzimu wa malemu sunagone chifukwa anaikidwa kuchilendo. Aliyense anali ndi yankho lake, wofunsa ndi amene panalibe.

Kukula kwanga ndinakula ndi chidani, sindibisa. Mu 2015 zitayambanso ku Durban, boma likutumiza mabasi kukatenga anthu, ku Blantyre ndi ku Lilongwe anthu akunyanyala mashopu a ku South Africa, ine ndinali ku sekondale ndipo ndinkafuna atawotcha mashopuwo. Za mayi amene anagogoda kuseri kwa mkuku kuti tithawe, amenenso anali wa konkuno, sindinkafuna kuziganiza chifukwa zinkasokoneza mkwiyo wanga.

## Chithunzi cha ku Orlando West

Mu 2019 ndinabwereranso ku Joni, chifukwa chake mukuchidziwa, ntchito kumudzi kulibe. Ndinapeza malo mu saluni, ndipo mtsikana amene tinkaluka naye limodzi anali wa ku Soweto. June atafika anandikakamiza kuti tipite ku Hector Pieterson Museum, ku Orlando West. Ndinakana, ndinati zowawa zanu ine sizikundikhudza, koma anandikoka mpaka ndinapita.

Nkhani yake ambiri timaidziwa pamwambapamwamba. Pa 16 June 1976 ana a sukulu a ku Soweto anayenda pamsewu kukana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans, apolisi a boma la azungu anawombera, ndipo m'modzi mwa oyamba kugwa anali Hector, wa zaka 12. Sam Nzima wa nyuzipepala ya The World anajambula chithunzi chija, mnyamata wa zaka 18, Mbuyisa Makhubu, atamunyamula akuthamanga naye. Anamulowetsa m'galimoto ya mtolankhani Sophie Tema kupita naye ku kiliniki ya ku Phefeni komwe ananena kuti wafa kale. Mbuyisa anathawa m'dziko apolisi akumusaka, ndipo abale ake sanamuonenso.

Alendo onse amene tinali nawo ankayang'ana mwana wonyamulidwayo. Ine maso anga anakakamira pa mtsikana wa pambali, wa yunifomu, dzanja lili m'mwamba, kukamwa kuli yasa. Ndinali nditachionapo chithunzichi kambirimbiri m'mabuku koma sindinadziwe kuti ameneyo ndi mchemwali wake weniweni wa Hector, Antoinette Sithole. Mnzanga uja anandiuza kuti mayi ameneyo wakhala zaka zambiri akugwira ntchito pa museum pomwepo, kufotokozera alendo za tsiku limenelo.

Choyamba chomwe ndinamva ndi nsanje, ndinene zoona. Mchimwene wake ali ndi nyumba ya dzina lake, ali ndi tsiku la holide, dziko lonse likumudziwa. Anga ali pa manda opanda mwala, ndipo amene anayatsa mkuku wathu ndi anthu akuda ngati ife tomwe, mwina ena makolo awo anayenda nawo pamsewu tsiku lomwelo la 1976. Pena ndimakumbukanso kuti nthawi imeneyo boma la Kamuzu linali pa ubale ndi boma la azungu lomwelo pomwe maiko ambiri a mu Africa anakana, nde mbiri yathu ndi anthu awa ndi yopota, si ya kuti awa abwino awa oipa. Koma nsanje ija itatsika pang'ono chinatsala ndi china. Mayi uyu wanena nkhani ya mchimwene wake kwa anthu osawerengeka, mobwerezabwereza, kwa alendo osawadziwa. Ine yanga ndinali ndisanainene ndi kamodzi komwe, kwa munthu ndi m'modzi yemwe.

## Foni

Ndinatuluka panja, ndinakhala pa kakhoma kufupi ndi pomwe pamayenda madzi paja, ndinaimba WhatsApp kwa amayi. Anali pakhomo akutong'ola chimanga, ndinkamva nkhuku ndi wailesi chakumbuyo. Anayamba ndi zija za masiku onse, kwazizira bwanji kumeneko, ukudya koma. Ndinawadula.

“Amayi, pali zomwe sindinakuuzeni za achimwene.”

Anati zii. Dzina limenelo pakati pa ine ndi iwo linali lisanatchulidwe chichokereni ku Joni. Ndinanena zonse mothamanga kuti ndisabwerere m'mbuyo, za chigubu, za kukuwa, za bambo wa chipewa chofiira, za usawauze amayi. Ndinamaliza ndi kuti, “Ndine ndinatiulula amayi. Akanakhala kuti ndinakhala chete bwenzi achimwene alipo.”

Kunali chete mpaka ndinayang'ana foni kuona ngati netiweki yadula. Kenako ndinamva akuzimitsa wailesi.

“Mwanawe, ukuti chani?”

Ndinabwereza.

“Kuyambira nthawi ijayi wakhala ukuganiza zimenezi? Wekha?”

Ndinati ee.

Amayi analira, kulira kuja komwe anawaletsa mu holo, ine ndili pa kakhoma ku Soweto alendo akudutsa ndi makamera awo, foni ili kukhutu. Atatha anamina, nkuyamba kulankhula ndi mawu aja amene amalankhula nawo akafuna kuti mwana amve.

“Tamvera. Bambo wa chipewa chofiira uja ukumunenayo ndi amene ankabwera kudzatolera renti kumapeto kwa mwezi, iwe unkakhala uli kusukulu. Ankadziwa kuti ndife a ku Malawi kuyambira tsiku lomwe tinalowa mu mkuku muja. Mzere onse wa pa mpopi unkatidziwa. Usipa ndikalandira kuchokera kumudzi ndinkagawira ndani, si azimayi omwewo? Panalibe choti uulule mwana wanga. Lamulo lija ndinakupatsani chifukwa ndinalibe china choti ndichite, ndinkangofuna ndizimva ngati ndikukutetezani.”

Ndinati koma achimwene anati ndisakuuzeni.

Apa amayi anaseka, akulira ndithu koma anaseka. “Iyeyo ndi amene anandiuza, madzulo omwewo iwe utagona. Anati kamlongo kanga lero kakuwa Chichewa pa mpopi ngati kali ku Ntcheu, koma musakakalipire amayi, chigubu chinakalemera. Ankaopa kuti ndikumenya basi.”

Sindingathe kufotokoza bwino zomwe zinachitika m'thupi mwanga nthawi imeneyo. Mawu amene ndinawasenza ubwana wanga onse ngati chinsinsi cha imfa, anali mawu a mnyamata wa zaka 14 amene sankafuna kuti mlongo wake alandire khofi. Ndinalira mpaka mnzanga wa ku Soweto uja anatuluka nkudzakhala pambali panga, sanamve ndi liwu limodzi lomwe koma anandigwira phewa osafunsa.

Koma amayi anali asanamalize. Anati, “Nanga ine? Inhela ija inali pa shelefu pamwamba pa mapoto, ndinaiona ndi maso angawa, dzanja langa linapita pa chikwama cha mapasipoti. Ndinasankha mapepala. Usiku uliwonse ndimabwerera mu mkuku muja kukaitenga.” Ndiye anandiuzanso kuti adadi nawo amati ndi iwo, chifukwa anzawo anawachenjeza kuti usiku umenewo asapite kuntchito koma anaopa kuchotsedwa. Anthu atatu, nyumba imodzi, aliyense akukhulupirira kuti ndi iye anapha mwana, aliyense akubisira mnzake kuti asamuwonjezere chisoni. Pomwe amene anathira palafini pa malata athu mwina sakukumbukanso nkomwe kuti unali mkuku uti.

## Zomwe zinasintha

Sindikuti ndinachira tsiku limenelo. Ndikamva chifuwa cha mwana chikulira mu tekisi manja amanjenjemerabe, ndipo m'chikwama mwanga mumakhala inhela ngakhale ine sindidwala mphumu. Koma mkwiyo wanga unapeza pokhala pake penipeni. Unachoka pa ine, unachokanso pa mtundu onse wa anthu a kuno, chifukwa mtundu umenewo ndi womwewo wa mayi amene anagogoda ndi wa mtsikana amene anandigwira phewa. Uli pa amene anayatsa, ndi pa andale amene nthawi ya kampeni ikafika amayamba kuloza alendo podziwa bwino lomwe zomwe zimatsatira. Za mkuku wathu palibe amene anamangidwa.

Patangopita miyezi yochepa, mu September 2019, zinayambanso ku Jeppestown ndi ku Malvern, mashopu kupsa. Kenako kunabwera a Operation Dudula, gulu lothamangitsa alendo, mpaka kumaima pa mageti a zipatala kufunsa anthu ma ID, zomwe kwa ine amene ndinaona mwana akusowa mpweya ndi nkhanza zomwe sindingazipezere dzina. Ndipo nthawi iliyonse zikayamba, ku tchalitchi kwathu komwe timasonkhana a ku Malawi ndimamva azimayi akupereka lamulo lomwe lija, panja palibe Chichewa, kusukulu usanene kwanu. Sindiwaletsa, ndikudziwa mantha ake, mwinanso ine nditakhala ndi mwana ndikhoza kunena zomwezo. Ndimangowapempha kuti awonjezere mawu ena pamwamba, kuti ukaiwala nkulankhula si mlandu, ndipo chilichonse chikachitika wolakwa ndi wochitayo osati iwe. Ena amandimva, ena amati ana sasunga zinthu mumtima, amaiwala msanga. Amenewo ndimawauza nkhani ya chigubu.

Pamaliro napo ndinasiya kukhala kukhitchini ndi azimayi. Ndimapita kuseri komwe athamangitsirako ana. Pa maliro ena a mnyamata wa kwathu amene anabayidwa akuchokera kuntchito, ndinapeza kamng'ono kake kali pa sitepe kakusewera gemu pa foni, aliyense akuti taonani sakudziwa kanthu. Ndinakhala nako pansi ndinangofunsa kuti akuuza kuti chachitika nchani. Kanati akuti wapita kumwamba. Ndinafunsanso kuti nanga iweyo ukuganiza kuti chachitika nchani. Kanayang'ana pa foni nthawi yaitali, kenako kanati m'mawa wa tsiku limenelo kanamutukwana chifukwa anakana kukabwereka mahedifoni. Ndinapita kukawaitana mayi ake.

## Za mwala

Manda a achimwene ndinawapeza. Adadi anali atasunga kapepala ka nambala mu Baibulo nthawi yonseyi, ndipo tsiku lomwe ndinawapempha anangokatenga osafunsa chifukwa, tinakwera tekisi limodzi. Ndi mzere wautali wa milu yofanana, udzu utamera, tizitsulo ta manambala tina titagwa. Adadi anawerenga kuchokera pa mtengo mpaka anaima, anavula chipewa, ndipo kanali koyamba kuwaona akulira.

Pano tikusonkha ndalama ya mwala. Amayi sanapondenso kuno chichokereni 2008, analumbira kuti sadzabweranso, koma tsopano akuti pasipoti ikatuluka abwera kudzaona mwala ukuikidwa. Pomwe tasemphana ndi pa zolemba. Amayi akuti pakhale Chichewa, ndi dzina la mudzi wathu ndi la mfumu yathu, kuti aliyense wodutsa adziwe kuti apa pagona mwana wa ku Ntcheu. Adadi akukana, akuti tingolemba dzina ndi zaka m'Chingerezi basi, chifukwa zikadzayambanso wina adzaona kuti ndi manda a mlendo nkudzaphwanya, ndipo iwo sangapirire kuona zimenezo. Onse awiri akundiimbira ine payekhapayekha kuti ndikhale mbali yawo. Ine ndili mbali ya amayi, ndawauza adadi poyera, koma ndalama yambiri ikuchokera kwa iwo ndipo wosema mwala akufuna yankho mwezi uno usanathe.